Mwala Uliwonse Uli ndi Kwawo: Momwe Timagawira Miyala Yodikha

Nkhani yathu lero ndi ya miyala. Ee, miyala yeniyeni yomwe mumaponda ija. Amene mukulemba mayeso a jogalafe chaka chino, tengani cholembera. Enanu musatseke, chifukwa tikamafika pakati mupeza kuti nkhaniyi ikukhudza ketulo yanu, nyumba yomwe mukuchita lendi, ngakhalenso mjigo womwe mukusonkhera ndalama kumudzi.

Miyala yonse ya padziko ili m'mabanja atatu. Ilipo yomwe inali phala lotentha kenako n'kuzizira, monga ya phiri la Mulanje. Imeneyo ndi igneous. Ilipo yomwe inaphikidwa ndi kupanikizidwa pansi pa nthaka mpaka kusinthiratu, metamorphic, ndipo mbali yaikulu ya Malawi yakhala pa imeneyo. Banja lachitatu ndi lathu lero: sedimentary rocks. Ine ndiziitchula kuti miyala yodikha, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Siyani botolo la thobwa pathebulo kwa ola limodzi. Mukabwera mupeza nsenga zadikha, zolemera zili pansi penipeni, zopepuka pamwamba pake. Dziko limachita zomwezo m'mitsinje, m'nyanja, m'madambo ndi m'zipululu. Mchenga, matope, zigoba, zotsalira za zomera, zonse zimadikha, china pamwamba pa chinzake. Zapamwamba zikachuluka zimatsendereza zapansi, madzi n'kufinyika. Kenako madzi oyenda pakati pa timchengato amasiya zinthu zomata, monga calcite, silica kapena dzimbiri la chitsulo, ndipo zimenezi zimagwira ntchito ya simenti. Pakapita zaka zikwizikwi kapena mamiliyoni, zomwe zinali nsenga zasanduka mwala. N'chifukwa chake miyala imeneyi imaoneka yosanjikizana ngati zofunda zopindapinda. Imakuta pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mtunda wonse wa padziko, ngakhale kuti ndi chikopa chopyapyala chabe. Mukakumba mozama mumakafika pa mabanja ena awiri aja.

Tsono poigawa timaifunsa mafunso awiri, omwewo amene timafunsana tikakumana ndi mnzathu wolankhula Chichewa kuno kunja. Loyamba, kwanu n'kuti? Lachiwiri, mfunda wanu ndani? Kwa mwala, loyambalo likutanthauza kuti zinthu zomwe zinaupanga zinachokera kuti ndipo zinafika bwanji pamenepo. Lachiwiri likutanthauza kuti m'kati mwake muli chiyani. Funso loyamba lili ndi mayankho atatu. Pali miyala yopangidwa ndi zidutswa za miyala ina yomwe inasweka. Pali yopangidwa ndi zotsalira za zamoyo. Ndiye pali yomwe inatuluka m'madzi, momwe mchere umatsalira m'poto madzi akaphwa. M'mabuku a kusukulu mumaipeza yolembedwa kuti mechanically formed, organically formed ndi chemically formed. Akatswiri a miyala gulu loyambalo amalitcha clastic.

Tiyambe ndi la zidutswa, ndipo pamenepa ndichedwapo chifukwa ndilo lalikulu.

M'gulu limeneli dzina la mwala limachokera ku kukula kwa zidutswa zake, basi. Muyeso womwe umagwiritsidwa ntchito kwambiri anaukonza ndi Chester Wentworth wa ku America mu 1922. Chidutswa choposa mamilimita 2 ndi kamwala kapena nsangalabwi. Kuchokera pa mamilimita 2 kutsika mpaka pa 0.06 ndi mchenga. Pansi pamenepo mpaka pa 0.004 ndi silt, tija tosalala ngati ufa woyera. Tochepa kuposa apo ndi dongo. Nsangalabwi zikamatana, mwalawo ndi conglomerate. Mchenga ukamatana ndi sandstone. Silt amapanga siltstone. Dongo ndi matope zimapanga mudstone, ndipo ngati mwalawo ukusendeka m'timapepala topyapyala, dzina lake ndi shale.

Mwina mukuti, nanga kukula kwa kamchenga kuli ndi ntchito yanji? Kumatiuza mphamvu ya madzi omwe anakanyamula. Mtsinje umapeta ngati mayi ali ndi lichero. Madzi othamanga amakankha nsangalabwi, akayamba kufooka amazisiya n'kupitirira ndi mchenga, akafookanso amasiya mchenga, ndipo dongo limadikha pokhapokha madzi ataima phee. Amene kwanu ndi ku Chikwawa kapena ku Nsanje mukudziwa momwe kumakhalira Shire akasefukira n'kubwerera: pafupi ndi mtsinje pamatsala mchenga, kutali uko m'minda yotsika kumatsala matope onyata. Ndiye mukapeza conglomerate pamwamba pa phiri, dziwani kuti pamenepo panadutsa madzi aukali. Mukapeza shale, panali nyanja yakuya kapena thamanda lodekha.

Kusiyanitsa siltstone ndi mwala wa dongo ndi maso n'kovuta, moti akatswiri akakhala kutchire amaluma kachidutswa ndi mano akutsogolo. Ngati kakukukutika, ndi silt. Ngati kakusalala ngati batala, ndi dongo. Anthu ophunzira mpaka kuyunivesite, akutafuna dothi. Musakauze adokotala a mano kuti ndakutumani ndine.

Chinanso choyang'ana ndi maonekedwe a zidutswazo. Nsangalabwi imakhala yozungulira chifukwa yagubuduzika ulendo wautali, nsonga zake zonse zinaperepeseka. Zidutswa zikakhala zakuthwa, zamakonamakona, ndiye kuti sizinayende. Zinagwa m'munsi mwa phiri kapena m'phanga n'kumatana pomwepo. Mwala wotero sitiutchanso conglomerate, timautcha breccia. Kukula kwa zidutswa n'kumodzimodzi, koma mbiri yake ndi ina.

Conglomerate ameneyu ife Amalawi tili naye pachibale chowawa. Golide wa ku Witwatersrand, yemwe anapezeka mu 1886 n'kubala mzinda wa Johannesburg, ali m'kati mwa conglomerate: nsangalabwi zoyera zomwe mitsinje inasiya zaka pafupifupi 2.9 biliyoni zapitazo, golide ali m'mipata ya pakati pake. Anthu a m'migodi anautcha mwalawo banket, dzina la chakudya chotsekemera cha Adatchi chomwe umafanana nacho, ndipo tauni ya Banket ku Zimbabwe inatenga dzina lake ku mawu omwewo. Agogo athu omwe anapita ku Joni kudzera ku Wenela ankatsikira pansi kukatsata mzere wopyapyala wa nsangalabwi zimenezi. Ankakumba khwawa la mtsinje wakalekale, ndipo fumbi la quartz la m'mwalawo ndi lomwe linawononga mapapo a ambiri mwa iwo.

Pali mwala wina womwe suoneka kuti unapetedwa n'komwe: miyala ikuluikulu, timiyala, mchenga, dongo, zonse phatikizo. Madzi oundana ndi amene amachita zimenezo, chifukwa iwo sasankha, amangokokolola chilichonse n'kukachitaya pamodzi. Mwalawo ndi tillite, ndipo ku South Africa ulipo wochuluka, wotchedwa Dwyka, wa zaka pafupifupi 300 miliyoni. Kum'mwera kwa Africa kuno kunali pansi pa madzi oundana. Mukamadandaula za kuzizira kwa Juni ku Joni, muzikumbukira zimenezo.

Tafunsa za kwawo. Tifunsenso za mfunda, ndipo chitsanzo chabwino ndi sandstone. Mchenga si mtundu umodzi. Mwala ukasweka n'kuyamba ulendo, zinthu zofooka zimayamba kutha. Feldspar amavunda n'kusanduka dongo. Quartz ndi wouma mutu, satha msanga. Choncho mchenga womwe wayenda kwambiri, wochapidwa ndi mafunde kambirimbiri, umatsala quartz yekhayekha, ndipo mwala wake ndi quartz arenite. Umenewo ndi womwe unapanga makoma a Table Mountain ku Cape Town, wa zaka zoposa 450 miliyoni, ndipo kulimba kwakeko ndi komwe kwachititsa kuti phirilo liimebe pomwe miyala yofewa yozungulira inakokoloka. Koma ngati mu sandstone mukadali feldspar wofika gawo limodzi mwa anayi, dzina lake ndi arkose. Amenewo ndi mchenga womwe unakwiririka msanga, pafupi ndi mapiri omwe unachokera. Yureniyamu wa ku Kayelekera ku Karonga, komwe mgodi unatsegulidwa mu 2009, ali mu arkose. Wachitatu ndi greywacke, wakuda, wosakanikirana ndi matope, wochokera ku zigumukire za pansi pa nyanja. Ameneyo tingomupatsa moni n'kudutsa.

Za mjigo zija zikubwera apa. Pakati pa timchenga ta sandstone pamatsala timipata, ndipo madzi amakhala m'menemo n'kumayenda. Shale naye amakhala ndi madzi, koma timipata take ndi tating'ono kwambiri moti salola kuti adutse. Ali ngati mtsuko wowumbidwa bwino. Ndiye mjigo wolowa mu mchenga kapena mu sandstone umapereka madzi, wolowa mu dongo lokhalokha umangodya ndalama. M'madera ambiri a ku Malawi madzi amapezeka m'miyala ya metamorphic yomwe inafumbutuka ndi m'ming'alu yake, koma m'mbali mwa nyanja ndi ku chigwa cha Shire okumba amadutsa mchenga ndi dongo zosanjikizana, ndipo malo ena a ku Chikwawa madzi apansi ndi amchere. Choncho mukamatumiza ndalama za mjigo, funsani ngati malowo anayezedwa kaye, ndipo pemphani lipoti la zomwe makina anatulutsa pa mita iliyonse. Okumba odziwa ntchito amalemba zimenezo. Mafuta a m'nthaka nawo amatsata lamulo lomweli: amabadwira mu shale, amakasonkhana mu sandstone kapena limestone, shale wina n'kuwavundikira pamwamba.

Tipite ku gulu lachiwiri, la zamoyo. Anzanga a ku London ndi kum'mwera kwa England, tsegulani ketulo yanu muone m'kati. Zoyera zomwe zamata pansizo ndi calcium carbonate. Madzi ambiri a kumeneko amadutsa m'mwala wa choko, n'kusungunula pang'ono, ndiye mukawawiritsa chokocho chimatsalira m'ketulo. Sopo nayenso sachita thovu bwino m'madzi otero. Choko chimenechi ndi chomwe mumachiona pa zitunda zoyera za ku Dover, zomwe malo ena zimatalika mamita oposa 100. Chonsecho ndi tizigoba ta ndere ting'onoting'ono ta m'nyanja, tosaoneka ndi maso, tomwe tinkagwera pansi pa nyanja yofunda pakati pa zaka 100 miliyoni ndi 66 miliyoni zapitazo. Nyengo imeneyo imatchedwa Cretaceous, kuchokera ku mawu a Chilatini otanthauza choko. M'kati mwa chokocho mumapezeka mizere ya mwala wakuda wolimba, flint, umene anthu akale ankasemera mipeni ndi kuyatsira moto. Umenewo ndi silica, wochokera kwambiri ku mafupa a masiponji a m'nyanja. Kwawo n'kumodzi ndi choko, mfunda ndi wina.

Malasha nawo ali m'gulu lomweli, koma iwo ndi zomera. Musawasokoneze ndi makala. Makala ndi mtengo wa dzana womwe munthu wawotcha mu uvuni. Malasha ndi nkhalango za m'madambo zomwe zinagwera m'madzi opanda mpweya wokwanira kuti ziwole. Zimayamba ngati peat, zikakwiririka n'kutenthedwa zimasanduka lignite, kenako bituminous, kenako anthracite, ndipo pa sitepe iliyonse madzi amachepa, kaboni n'kuchuluka. Chomwe chimandisangalatsa ine n'chakuti malasha a ku Hwange ku Zimbabwe, a ku Maamba ku Zambia, a ku Moatize ku Tete, a ku Mchenga ku Rumphi ndi a ku eMalahleni ku South Africa onse ndi a banja limodzi la miyala lotchedwa Karoo. Anapangika madzi oundana a Dwyka aja atasungunuka, dziko litafunda, madambo atadzaza zigwa. Malire a maiko anabwera dzulodzuloli. Pansi pake bedi ndi limodzi.

Gulu lachitatu ndi la zotuluka m'madzi. Lita imodzi ya madzi a m'nyanja yamchere imakhala ndi magalamu pafupifupi 35 a mchere wosiyanasiyana. Madziwo akamaphwa, micherewo simatuluka nthawi imodzi. Umayamba calcium carbonate, kenako gypsum, kenako mchere wathu wa m'ndiwowu, womwe ukakhala mwala umatchedwa halite, ndipo pomaliza michere ya potaziyamu yomwe imalowa mu feteleza. Zonsezi pamodzi ndi evaporites. Zikuchitika lero lomwe ku Sua Pan ku Botswana, kumene amakolola mchere ndi soda. Zinachitikanso ku England zaka zoposa 200 miliyoni zapitazo, kumeneko kuli chipululu, ndipo mchere wofiirira womwe amawaza m'misewu nthawi yachisanu wambiri umakumbidwa ku Winsford ku Cheshire. Gypsum ndi amene ali m'mabolodi a siling'i ndi m'pulasitala yomwe amamanga mkono wothyoka. Choko chambiri cholembera pa bolodi masiku ano ndi gypsum yemweyo, dzina lokha ndi lomwe linatsala.

M'gulu lomweli muli mwala wa mizeremizere yofiira ndi yotuwa, banded iron formation, womwe amakumba ku Sishen ku Northern Cape. Uli ndi zaka pafupifupi 2.5 biliyoni. Nthawi imeneyo m'nyanja munali chitsulo chosungunuka, tizamoyo ting'onoting'ono titayamba kutulutsa okosijeni, chitsulocho chinachita dzimbiri n'kudikha pansi. Chitsulo chambiri chomwe dziko likugwiritsa ntchito lero, malata ndi makasu omwe, chimachokera ku miyala ya mtundu umenewu.

Mwamva kuti ndatchula tizamoyo m'gulu lomwe amati si la zamoyo? Apa ndi pomwe mabokosi atatu aja amayamba kudontha, ndipo wodonthetsa wamkulu ndi limestone, mwala wa laimu. Mfunda wake ndi umodzi, calcium carbonate, koma kwawo n'kosiyanasiyana. Wina ndi wa zigoba ndi makorali omwe anafera pomwe ankakhala. Wina ndi zigoba zomwe mafunde anaswa, kuzinyamula ndi kuzipeta ngati mchenga wamba. Wina anatuluka m'madzi, monga mizati yolendewera m'mapanga, kapena timipira tonga mazira a nsomba tomwe timakula pogubuduzika m'madzi ofunda osaya. Mwala wa ku Portland, womwe Christopher Wren anamangira St Paul's Cathedral moto wa mu 1666 utawononga London, ndi wa timipira timeneti. Empire State Building ku New York inakutidwa ndi limestone wa ku Indiana, wodzaza ndi tizidutswa ta zigoba. Ndiye mumuika bokosi liti? Pamayeso, ngati akufunsani chitsanzo cha mwala wochokera ku zamoyo, lembani choko kapena malasha, musadzivute. Koma kwa ine, pa limestone funso la mfunda ndi lomwe limathandiza kuposa la kwawo, chifukwa ndi lomwe limakuuzani zomwe mwalawo ungachite. Mukauwotcha umapereka laimu. Mukauwotcha pamodzi ndi dongo kapena shale pa madigiri pafupifupi 1,450, mumapeza simenti. Dzina loti Portland lomwe mumaliona pa thumba la simenti linachokera kwa Joseph Aspdin, yemwe mu 1824 anaitcha choncho chifukwa ikauma inkafanana ndi mwala wa ku Portland uja.

Chinanso chomwe limestone amachita, amasungunuka. Madzi a mvula amakhala ndi asidi wochepa, ndipo pang'onopang'ono amadya mwalawo m'ming'alu mpaka pansi pamakhala mapanga. Msuweni wake wa limestone, dolomite, yemwe ali ndi maginiziyamu pamodzi ndi kashiamu, amachita chimodzimodzi. Mapanga a ku Chinhoyi ku Zimbabwe ali m'miyala yotere. A ku Sterkfontein nawonso, kumene Robert Broom anapeza chigaza chotchedwa Mrs Ples mu 1947, chili chomatirira mu breccia wa m'phanga. Mwaona, breccia uja wabweranso.

Koma amene muli ku Gauteng, apa tcherani khutu. Dolomite wazungulira mbali yaikulu ya Johannesburg ndi Pretoria: Centurion, Carletonville, Khutsong, ndi madera ena a ku Ekurhuleni. Pansi pakakhala mphako, dothi la pamwamba limatha kukhala zaka zambiri lili chilili, mpaka tsiku lomwe madzi alisuntha. Mu Disembala 1962 nyumba ya makina ophwanyira miyala pa mgodi wa West Driefontein inamira m'dzenje ndipo anthu 29 anafa. Mu Ogasiti 1964 ku Blyvooruitzicht nyumba inamezedwa usiku pamodzi ndi banja la anthu asanu. Nthawi imeneyo chomwe chinkayambitsa kwambiri chinali kupopa madzi apansi kuti migodi iume. Masiku ano kawirikawiri ndi mapaipi odontha, masuweji ophulika ndi madzi a mvula ongoima pamalo amodzi. N'chifukwa chake ku South Africa malo a dolomite amayenera kuyezedwa munthu asanamangepo, ndipo bungwe la Council for Geoscience limaunika malipoti amenewo. Ngati mukugula puloti kapena nyumba m'madera amenewa, funsani lipotilo musanasaine. Ngati mukuchita lendi, paipi yodontha panja musaione ngati nkhani ya alandilodi okha. Zitseko zikayamba kukana kutsekeka, khoma likang'ambika mwadzidzidzi, kapena pabwalo pakayamba kulowa ngati mbale, kanenani ku khonsolo tsiku lomwelo.

Kuti mudziwe ngati mwala uli wa laimu, akatswiri amadonthezera asidi wosungunula wa hydrochloric. Inu viniga wa kukhitchini akukwanirani. Palani mwalawo ndi msomali kuti patuluke kaufa, donthezani viniga, muyandikitse khutu. Limestone ndi choko zimachita thovu, mumamva kuti tsss. Dolomite amachita mwaulesi kwambiri, ndipo popanda kumupala sachita n'komwe. Sandstone wa quartz amangokhala duu, pokhapokha ngati chomwe chinamata mchenga wake ndi calcite. Mchere mumaudziwa ndi lilime. Gypsum amakandika ndi chikhadabo. Flint ndi quartz zimakanda galasi.

Ndiye sabata ino tolani mwala umodzi komwe muliko, m'mbali mwa msewu, kunyanja, kaya pakhoma la tchalitchi chakale, koma pakhomapo musagumule. Ujambuleni pafupi ndi ndalama yachitsulo kuti tione kukula kwa timchenga take, mutiuze komwe mwaupeza ndi zomwe viniga wachita, mutitumizire. Tidzasankhapo ingapo n'kuitchula maina m'gawo likubwerali.